Mipando yoposa inzake, kuchokera ku Copenhagen kufika pa boma la Lundazi

Kwa zaka zambiri, mphotho ya ndalama zochuluka koposa pa luso lokonza zinthu zogwiritsa ntchito inkadziwika kuti ndi ya ku Denmark. Dzina lake ndi INDEX. Inayamba kuperekedwa mu 2005, ndipo m'thumba mwake munali mayuro 500,000 ogawidwa m'magulu asanu. Popeza Denmark ndi kwawo kwa mipando yotchuka, wina angayese kuti ndalama yoyambayo inagwera kalipentala. Ayi ndithu. Pakati pa zopambana za chaka chimenecho panali kachubu ka pulasitiki kotchedwa LifeStraw, kamene munthu amakaviika m'madzi a pachithaphwi n'kuyamwa, zoipa n'kutsalira m'kati. Kampani yomwe inakapanga, Vestergaard Frandsen, inayamba mu 1957 ndi ntchito yosoka zovala za pantchito. Dzinalo ndi lachilendo m'makutu mwathu, koma katundu wake ife a ku Lundazi timagona naye. Madzulo ano, musanapisire neti kunsi kwa matilesi, yang'anani kansalu kosokeredwa m'mphepete. Pa maneti ambiri ogawidwa m'zipatala pamalembedwa kuti PermaNet, ndipo mwini wake ndi yemweyo.

Oweruza a INDEX sankakhutira ndi kukongola kokha, ankafuna kudziwa kuti chinthucho chapeputsa moyo wa ndani. N'chifukwa chake mu 2017 anapatsa mphotho kampani ya ku America ya Zipline, imene tindege take topanda woyendetsa timakaponya magazi m'zipatala za kumidzi ku Rwanda. Amene anayendapo msewu wotsikira kuchigwa, kwa Kazembe kapena kwa Chitungulu, mvula ili mkati, sangafunse kuti phindu lake n'chiyani.

Mayiko amene tikukamba m'nkhani ino ndi Denmark ndi anansi ake, onse pamodzi asanu: Denmark, Sweden, Norway, Finland ndi Iceland. Anthu ake onse mutawaphatikiza safika 30 miliyoni, kuchepera a ku Zambia ndi Malawi pamodzi. Koma mphotho za amisiri kumeneko n'zosayamba. Yaikulu yopita kwa mmisiri wa m'mayiko asanuwa inali ya Torsten ndi Wanja Söderberg, ya makorona 1 miliyoni a ku Sweden, imene inayamba kuperekedwa mu 1994 kudzera m'nyumba yosungira zaluso ya Röhsska mumzinda wa Göteborg. Mwa onse amene anailandira, amene amandikoka mtima ndi Brynjar Sigurðarson wa ku Iceland, wopambana wa 2018. Ali mnyamata anakakhala kanthawi m'kamudzi ka asodzi ka Vopnafjörður, kumene gogo wina wopha shaki anamuphunzitsa kumanga zinthu ndi chingwe ndi singano yosokera ukonde. Luso limenelo analisamutsira pa matebulo ndi mashelefu, matabwa n'kumagwirana ndi zingwe zokulungidwa mwadongosolo. Wosoka ukonde wa ku Nkhata Bay atauona katunduyo angazindikire ntchito ya manja ake, kusiyana kwake n'kwakuti yake sanaiikepo m'nyumba ya chionetsero.

Mphotho yomwe inatchukitsa amisiri a kumeneko padziko lonse inali ya Lunning, imene inakhalapo kuyambira 1951 kufika 1970. Mwini wake, Frederik Lunning, anali ndi sitolo ku New York yogulitsa katundu wa ku Denmark, choncho tisamuyese woyera mtima kwambiri: potchukitsa amisiri ankatchukitsanso malonda ake. Chaka chilichonse ankasankha anthu awiri, ndipo ndalamayo inali yoti ayendere mayiko, akaone mmene anzawo amagwirira ntchito. Oyamba kulandira anali Tapio Wirkkala wa ku Finland, katswiri wa magalasi, ndi Hans Wegner wa ku Denmark.

Wegner ameneyu ndiye katakwe wa kuchuluka. Anali mwana wa wosoka nsapato m'katauni ka Tønder, anayamba kuphunzira ukalipentala ali ndi zaka 14, ndipo pomwalira mu 2007 anali atajambula mipando yoposa 500, mwa iyo yoposa 100 inalowa m'mafakitale. Umodzi, wopangidwa mu 1949, ndi umene anakhalira John Kennedy ndi Richard Nixon mu 1960 pa mtsutso woyamba wa pa wailesi yakanema wa ofuna upulezidenti wa America. Wina wa chaka chomwecho cha 1949, wotchedwa CH24, sunaleke kupangidwa ndi kampani ya Carl Hansen & Søn chiyambire 1950. Umenewu ndi wofunika kuuyang'ana pafupi. Choyedzamira ndi zotsamira mikono ndi mtengo umodzi wopindidwa ndi nthunzi, wochirikizidwa kumbuyo ndi kathabwa ka mphanda. Pokhalira palibe siponji kapena nsalu. Pali chingwe cha pepala lopota, mamita pafupifupi 120, cholukidwa ndi manja kuchokera m'mbali zonse zinayi mpaka mizere kukumana pakati. Kuti mpando umodzi uthe pamafunika ntchito zosiyanasiyana zoposa 100, zambiri zamanja. M'midzi yoweta ng'ombe kuno, akuluakulu amadziwa mipando yolukidwa ndi timizere ta chikopa. Nzeru yake ndi yomweyo: chokhalira chopepuka, chopita mphepo, choti chikatha umangoluka china mtengo uli womwewo.

Funso n'lakuti, zinatheka bwanji kuti kadziko kakang'ono kabale amisiri otere nthawi imodzi? Yankho lili m'chionetsero china chimene, kwa ine, chimaposa mphotho zonsezi. M'ma 1920 makalipentala a mu Copenhagen anaona kuti malonda akuwathawa chifukwa cha katundu wotchipa wa m'mafakitale. M'malo modandaula pamsonkhano, bungwe lawo linayambitsa chionetsero cha chaka ndi chaka, chimene chinachitika osadumphitsa kuyambira 1927 mpaka 1966. Kalipentala aliyense ankagwirizana ndi wojambula mapulani, awiriwo n'kubweretsa mpando kapena tebulo latsopano, ndipo mayina a onse awiri ankalembedwa. Wegner ankagwira ndi Johannes Hansen, Finn Juhl ndi Niels Vodder. Atolankhani ankabwera kudzayamikira ndi kudzanyoza. Amene wabweretsa zobwereza ankachita manyazi pamaso pa anzake, ndipo manyazi amenewo anagwira ntchito imene ndalama sikadatha kuigwira. Chaka choposa zonse chinali 1949, pamene mpando uja wa Kennedy ndi mpando wotchuka koposa wa Finn Juhl zinaonekera pa chionetsero chimodzi.

Mpando wa Juhl umenewu umatchedwa Chieftain, mpando wa mfumu. Mbiri yake imati Mfumu Frederik IX inaukhalira potsegulira chionetsero, ndipo Juhl, posafuna kudzitama kuti wapanga mpando wa mwini dziko, anasankha dzina la mfumu ya mtundu. Munthuyu ankakonda zosema, zishango ndi zida za mitundu ya kutali ndi Ulaya, ndipo zimaonekera m'mapindidwe a mpandowo. Vodder anapanga yosafika 100. Umodzi mwa imeneyo unagulidwa mapaundi 422,500 pa okushoni ya Phillips ku London mu 2013. Juhl yemweyu ndi amene anakonza chipinda cha ku likulu la United Nations ku New York chokambiramo za mayiko amene anali asanadzilamulire, momwe Julius Nyerere anakalankhulira za Tanganyika mu 1955.

Koma wodula koposa si Juhl. Mu 2015, pa okushoni ya kampani yomweyo ya Phillips, tebulo lodyerapo lopangidwa mu 1952 ndi Peder Moos linagulidwa mapaundi 602,500, mtengo umene panthawiyo unaposa katundu aliyense wa mayikowa amene anagulitsidwapo pa okushoni. Moos sanali munthu wa fakitale. Ankapanga chinthu chimodzichimodzi, wogula n'kumadikira mpaka mwiniwake akhutire, ndipo ankalumikiza matabwa ndi timitengo tokhomera m'malo mwa misomali, n'kutisiya tikuoneka ngati zokongoletsa. Apa ine ndimaseka pang'ono, chifukwa mpando wa mfumu wopanda msomali tili nawo kuno. Ndi uja wa matabwa awiri, lina lalitali loyedzamira losemedwa njovu kapena mudzi, lina lolowa pa chiboo cha linzake n'kukhala pokhalira ndi mwendo wakumbuyo nthawi imodzi. Amaugulitsa kwa alendo pafupi ndi positi ofesi ya ku Lilongwe ndi m'misewu ya kunyanja. Ukafuna kunyamula umangosolola thabwa limodzi, basi wapasuka. Wogula amanenerera mtengo mpaka wosema atagonja, ndipo akafika nawo kwawo sangatchule amene anausema.

Tikabwera pa kugulidwa kwambiri, kampando kamene kali patsogolo pa zakale ndi ka miyendo itatu, kopanda choyedzamira, kotchedwa Stool 60. Anakajambula Alvar Aalto wa ku Finland cha mu 1933, ndipo kampani ya Artek, imene iye ndi mkazi wake Aino anayambitsa ndi anzawo awiri mu 1935, yakagulitsa mamiliyoni. Chinsinsi chake chili pa mwendo. Aalto ankafuna kuti mtengo wowongoka upindike pamwamba n'kugona kunsi kwa chokhalira, kuti ungomangidwa ndi masikuluwu popanda kuboola mabowo a mphako. Mtengo wouma ukaupinda chotero umathyoka. Iye ndi kalipentala wake Otto Korhonen anapeza njira: amacheka ndi sowo mizere ingapo kumutu kwa mtengowo motsata utali wake, m'mipatamo n'kulowetsamo timapepala ta thabwa topaka guluu, kenaka n'kupinda ndi kutentha. Guluu akauma, mwendo umakhala wopindika mpaka kalekale. Mtengo wake ndi birch, umene uli mbwee m'nkhalango za ku Finland, osati wochokera kutali. Za miyendo itatu mayi aliyense wophika pa mafuwa akudziwa: itatu sigwedera ngakhale pansi pakhale pokumbika, pamene inayi imafuna simenti yosalala. Ndipo timipandoti timasanjikizana, makumi awiri n'kungotenga malo a kamodzi pakona ya kalasi kapena tchalitchi. Aalto yemweyu, pomanga chipatala cha odwala chifuwa chachikulu ku Paimio, anapanga mpando wopendekera mwa njira yoti wodwala azipuma mosavuta.

Ena ogulidwa kwambiri tingowadutsa msanga. Series 7 wa Arne Jacobsen, wa 1955, ndi pulayiwudi yopindidwa yokhala pa miyendo yachitsulo, ndipo unapitirira 5 miliyoni kalekale. Tripp Trapp wa ku Norway unabadwa mu 1972, pamene Peter Opsvik anaona mwana wake wamng'ono akulendewera miyendo pa mpando wa akulu. Anapanga mpando wa matabwa awiri osuntha, lokhalira ndi lopondapo, oti uziwatsitsa mwana akamakula, ndipo wagulidwa koposa 10 miliyoni. Ndi nzeru yabwino, ngakhale kuti kwathu, kumene mwana amadyera pamphasa pakati pa abale ake, vuto limene unathetsa silinatigwirepo.

Woposa onse pa chiwerengero ndi IKEA, kampani imene Ingvar Kamprad anayambitsa ku Sweden mu 1943 ali ndi zaka 17. Mu 1956 wantchito wake Gillis Lundgren analephera kulowetsa tebulo m'galimoto, n'kulichotsa miyendo. Kuchokera pamenepo kampaniyo inayamba kugulitsa katundu wopasula, m'makatoni aphwatalala, wogula n'kukadzimangira kunyumba. Shelefu ya mabuku yotchedwa Billy, imene Lundgren yemweyo anajambula ndipo inatuluka mu 1979, yagulidwa mamiliyoni makumimakumi. Kunena zoona, pa zonse zili m'nkhani ino, imeneyi ndi imene sindiisirira. Ndi ya utuchi wopanikiza ndi guluu, wokutidwa bwino kunja. Makabati a mtundu umenewu, ochokera m'mafakitale ena, afika kale m'masitolo a ku Chipata ndi Lusaka, ndipo tonse taona zimene amachita akangonyowa kunsi pokolopa, kapena akakwera lole kawiri posamuka. Mu Africa muno IKEA ili ndi masitolo ku Egypt ndi ku Morocco. Mu 2019 inatulutsa katundu wotchedwa Överallt, wokonzedwa pamodzi ndi akatswiri a ku Kenya, Senegal, Egypt, South Africa ndi Côte d'Ivoire, ndipo anamuonetsa koyamba ku Cape Town. Chosaiwalika pa katunduyo chinali mpando wa Issa Diabaté wa ku Abidjan, wodulidwa kuchokera pa pulayiwudi imodzi, zidutswa zake n'kumangolowana popanda msomali kapena guluu.

Pali mpando wina umene mbiri yake ndi ya kukanidwa. Mu 1931 Bruno Mathsson, mwana wa banja la makalipentala m'tauni ya Värnamo ku Sweden, anapangira chipatala cha kwawoko mipando ya pofikira alendo. Anachotsa masipuling'i ndi zofutukuka zonse, n'kuluka malamba pa mtengo wopindika motsata msana wa munthu. Ogwira ntchito pachipatalapo anaipidwa nayo, anaipatsa dzina lachipongwe loti chiwala, n'kukaiponya m'chipinda cha kudenga. Mathsson sanabwerere m'mbuyo. Akuti pofuna kudziwa mmene thupi limakhalira likamasuka, ankakhala pa mulu wa chipale chofewa n'kudzuka kuti ayeze dindo lomwe wasiya. Lero mphotho yolemekezeka ya opanga mipando m'mayiko asanuwa, imene inayamba mu 1984, ili m'dzina lake. Finland ili ndi yake ya Kaj Franck kuyambira 1992, Denmark ili ndi ya Finn Juhl kuyambira 2003. Onani kuti zonsezi ndi mayina a amisiri, osati a nduna.

Umene uli ndi fungo la kwathu kuno ndi mpando wa Safari wa Kaare Klint, wa 1933. Klint, amene amatchedwa tate wa mipando yamakono ya ku Denmark, anatengera mpando wa asilikali a Britain ku India, umene anauona pa zithunzi za ulendo wa m'tchire la Africa. Ulibe guluu. Mitengo yake imangolowana momasuka, yogwidwa ndi malamba achikopa ndi chinsalu cholimba, moti munthu akaukhalira umadzikonza wokha molingana ndi nthaka n'kulimba. Ukatha ulendo umaupasula n'kuukulunga. Abale ake a mpandowu, a mtengo ndi chinsalu, ndi amene alendo amakhalira m'makampu a m'chigwa cha Luangwa poonerera mvuu.

Tsono pa zonsezi, n'ziti zinafikadi pa boma la Lundazi? Mipando ya mphotho ija sinafike. Zinafika ndi zina, zimene sitiziganizira n'komwe kuti zili ndi kwawo. Foni ya Nokia 1100, ya kampani ya ku Finland, inatuluka mu 2003 ndipo inagulidwa koposa 250 miliyoni, kuposa foni ina iliyonse. Anaipangira dala anthu ngati ife. Mabatani ake anali a mphira umodzi wosalowa fumbi, m'mbali mwake mosaterera m'manja a thukuta, batire lokhala masiku, ndipo pamutu pake panali tochi. Tochi imeneyo inaunikira azamba, inapeza njoka pakhomo, inawerengetsa ana a sukulu mayeso atayandikira. Pamene Nokia inkagulitsa foni yake yokwanitsa 1 biliyoni mu 2005, inali 1100, ndipo inagulidwa ku Nigeria. Sipanala yosintha kukamwa, imene wokonza njinga aliyense pamsika sasiyana nayo, m'maonekedwe ake a lero ndi nzeru ya Johan Petter Johansson wa ku Sweden ya mu 1892. Chitofu cha palafini cha Primus, chimene aphunzitsi akale ankanyadira, ndi cha ku Stockholm, chaka chomwecho. Machesi osayaka pokhapokha utakhwatcha pa bokosi lake anakhwimira ku Jönköping. Lamba wa m'galimoto wodutsa paphewa ndi m'chiuno anamukonza Nils Bohlin wa ku Volvo mu 1959, ndipo kampaniyo inalola ena onse kutengera ulere. Kampani yakale koposa pa onsewa ndi Fiskars ya ku Finland, imene inayamba ngati ng'anjo yosula zitsulo mu 1649. Sizasi yake ya zogwirira za olenji, ya 1967, yagulidwa koposa 1 biliyoni, ndipo zotengera zake zili pa mashini a matelala ambiri.

Palinso mpando umodzi umene unatigonjetsa tonse, ngakhale kuti sunapatsidwepo ulemu. Mu 1967 kampani ya Vitra inayamba kupanga mpando wa Verner Panton wa ku Denmark, woumbidwa ndi pulasitiki kuyambira pamutu mpaka pansi popanda cholumikiza. Unali wa anthu a ndalama, ndipo mpaka lero uli m'nyumba zosungira zaluso. Koma njira imene unatsegula ndi imene ena, makamaka ku France ndi ku Italy, anaitsata mpaka kubala mpando wa pulasitiki woyera uja, umene makina amaulavula pasanathe mphindi ziwiri. Amati palibe mpando wofala padziko kuuposa. Pamaliro ulipo, paukwati ulipo, pamsonkhano wa chipani, patchalitchi, pa bwalo la milandu kwa amfumu. Pa Kulamba ku Mkaika ndi pa Nc'wala ku Mtenguleni mipandoyi imabwera yodzaza malole. Mwendo ukathyoka timausoka ndi waya, ukathyokanso timausanjika pa unzake wothyoka mbali ina, iwiriyo n'kukhala umodzi. Ndi wonyansa, ndipo dzuwa la mu Okutobala limauphwanya, koma watenga malo a benchi limene kalipentala wa m'mudzi ankadyerapo.

Mbali ino ya dziko, mpando umene wayenda kutali koposa ndi wa nsungwi wa ku Malawi. Mafupa ake ndi a bulugamu, thupi lake ndi nsungwi zong'alula ndi zomera zina zolukira, kumsana kozungulira kokhala ndi timabowo ta maluko osiyanasiyana. Amaulukira pansi pa mitengo m'mbali mwa misewu, makamaka cha ku Blantyre, popanda magetsi kapena makina. Lero uli m'masitolo a ku Johannesburg ndi Cape Town, ku Ulaya ndi ku Australia, ndipo konseko umadziwika ndi dzina la dziko. Uikeni pambali pa mpando wolendewera wooneka ngati dzira umene Nanna Ditzel ndi mwamuna wake Jørgen anapanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Nawonso ndi wolukidwa, ndipo pa luso la manja sindiona kuti wa ku Malawi ukuchepa pati. Koma a Ditzel analandira mphotho ya Lunning mu 1956, ndipo aliyense wopanga mpando wawo lero amatchula dzina lawo ndi kulipira. Wa ku Malawi aliyense amangotengera. Mabungwe ngati People of the Sun a ku Blantyre ayesetsa kulumikiza oluka ndi misika yakunja pa mtengo wabwinopo. Ku Mfuwe nako kuli Tribal Textiles, imene yakhala ikujambula nsalu ndi manja kuyambira 1991, ndi Mulberry Mongoose, kumene amayi amasandutsa waya wa misampha yolandidwa kwa opha nyama kukhala ndolo ndi zibangili. Zoterezi n'zimene oweruza a INDEX aja ankazikonda.

Nkhani ya mayinayi ili ngakhale pa chinthu chimene Lundazi imadziwika nacho. Castle Hotel, nyumba ya nsanja zozungulira ija yoyang'ana padamu, inayamba kumangidwa mu 1948 motengera malinga akale a ku Ulaya. Mlendo aliyense amauzidwa za Errol Button, bwanamkubwa wachitsamunda amene anailamula. Koma njerwa zokhota bwino chotero sizinadziyale zokha, ndipo zitseko ndi mazenera ake sanazipale Button.

Pitani kuseri kwa msika mwezi wa Julayi kapena Ogasiti, alimi atagulitsa soya, mtedza ndi thonje. Imeneyo ndiyo nyengo ya makalipentala. Pansi pa mtengo wa mango pali benchi logwirirapo ntchito, pulena ikulira, mapalapala a mlombwa ali mbwee, ofiirira, onunkhira. Mabedi aimikidwa motsamira khoma, vanishi akuwala, ena akwezedwa kale pa ngolo. Wogula amagogoda thabwa ndi chala n'kufunsa, "Akulu, koma limeneli ndi louma?" Yankho limabwera msanga: "Louma kwambiri, bwana, musakayike." Onse awiri akudziwa kuti thabwalo lachekedwa mwezi watha. Kalipentala alibe ndalama yogulira matabwa n'kuwasunga chaka chathunthu pamthunzi, ndipo wogula sangadikire, ndalama ya soya ingathere zina. Pofika Novembala thabwa lakokana, pa mfundo patseguka, bedi layamba kulira. Manja a mmisiriyo alibe mlandu. Mipando ya Wegner imakhala zaka 70 chifukwa, kuwonjezera pa luso, thabwa lake limaumitsidwa mpaka kufika pa muyezo asanalikhudze ndi sowo.

Chodabwitsa n'chakuti pa mitengo ife ndife olemera kuposa iwo. Amisiri a ku Denmark a m'ma 1950 ankaitanitsa teak ku Asia ndi rosewood ku Brazil, mpaka mtengo wa ku Brazil uja unatsala pang'ono kutha, malonda ake n'kutsekedwa mu 1992 pansi pa pangano la CITES loteteza zomera ndi nyama. Lero anabwerera ku mitengo ya kwawo, ndipo pa mphotho zatsopano, monga Scandinavian Design Awards imene inayamba mu Febuluwale 2023 pa chionetsero cha mipando cha ku Stockholm, funso la kumene mtengo wachokera ndi kumene chinthu chidzathere likumveka kwambiri. Ife tili ndi mlombwa umene chiswe chimaulemekeza, mbawa, msambamfumu, ndi paini wa ku Chikangawa kungodumpha malire. Tilinso ndi mukula, umene ngati pakanakhala mphotho ya mtengo wobedwa koposa ukanailandira popanda wopikisana naye. M'zaka za m'ma 2010 unatuluka m'Zambia malole ndi malole, zipika zosapala, kupita ku China kukasanduka mipando yodula ya kumeneko, boma likuletsa, kuloleza, n'kuletsanso.

Mu 2019, pa msonkhano wa CITES ku Geneva, dziko la Malawi ndi limene linapempha kuti mukula ulowe m'gulu la mitengo yofuna chilolezo chapadera pogulitsa kunja, ndipo zinavomerezedwa. Mu 2022 ku Panama anawonjezera abale ake onse a mu Africa, kuphatikizapo mlombwa, pamodzi ndi mbawa ndi msambamfumu. Lamulo limeneli limagwira zipika, matabwa ocheka, pulayiwudi ndi thabwa longopala m'mbali. Tebulo kapena mpando womalizidwa suli pa mndandandawo.